Kodi n'koyenera kuti mayi azithamanga popanda chomuthamangitsa?

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti m'mawa kumazizira kwambiri, makamaka m'madera okwera monga Dedza, Mzuzu, Zomba ndi Thyolo. Ku chigawo cha kummwera kumabweranso chiperoni, kamvula kowaza kaja kodza ndi nkhungu kuchokera ku mapiri a ku Mozambique. Iyi ndi nyengo imene bulangeti limakoma kuposa chakudya. Koma ndi m'nyengo yomweyi m'mene timaona anthu m'misewu ya m'matauni athu, ena mwa iwo amayi a msinkhu wathu, akuthamanga mbandakucha, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Sakupita ku mpikisano, salandira malipiro, ndipo palibe amene akuwathamangitsa. Funso limene tikufuna kuti tikambirane m'magulu athu ndi ili: kodi mayi wapabanja, wa ana ndi zidzukulu, akamachita zimenezi akuchita chinthu choyenera, kapena akuba nthawi ya banja lake?

Funsoli si lachibwana ayi. M'mene tinaleredwera ife, munthu wamkulu akathamanga ndiye kuti kwagwa kanthu: nyumba ikupsa, mwana wagwera m'chitsime, kapena mbuzi zalowa m'dimba. Omuona amasiya zimene akuchita n'kufunsa kuti, "Kwagwanji?" Mtsikana ankathamanga posewera fulaye ndi mpira wamanja, koma akatha msinkhu ankalangizidwa kuti aziyenda modekha, ndipo kuyenda modekhako kunali mbali ina ya ulemu wake. Choncho mayi akayamba kuthamanga popanda chimene chagwa, miyendo yake ikutsutsana ndi malangizo amene tonsefe tinalandira kwa anthu amene ankatifunira zabwino.

Tiyambe ndi mawu a amene amatsutsa, chifukwa mfundo ali nayo. Iwo amati nthawi ya 5 koloko m'mawa ili kale ndi eni ake. Ndi nthawi yokoleza mbaula, yotenthetsa madzi osamba, yophika phala, yosesa pabwalo, yofunafuna sokosi ya mwana imene yasowa. M'nyengo yozizira ntchitozi zimachuluka, poti aliyense m'nyumba amafuna madzi otentha ndipo ana amavuta kudzuka. Mwezi wa Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5 madzulo, ndiye tsiku ndi lalifupi. Mayi akachotsapo mphindi 30, ntchito zija sizichoka. Wina ayenera kuzigwira basi. Amatinso mphamvu za munthu zili ndi malire, ndipo kukazithera pamsewu pomwe kunyumba kuli mulu wa zochapa n'chimodzimodzi kutunga madzi n'kukawathira pamchenga.

Palinso china chimene tiyenera kuvomereza msanga. Kuli amayi ambiri, makamaka kumudzi, amene thupi lawo likugwira kale ntchito yoposa ya wothamanga aliyense wa m'tauni. Mayi amene amasenza ndowa ya malita 20 kuchokera ku mjigo kangapo pa tsiku, amene amathirira dimba m'mawa ndi madzulo, amene amayenda mtunda kukatola nkhuni, sangauzidwe kuti akusowa masewera olimbitsa thupi. Iyeyo akusowa mpumulo, chakudya chokwanira, ndi munthu womulandira katundu. Kumuuza kuti athamange kungakhale kumunyoza, ndipo m'nkhani ino sitikunena za iye.

Koma moyo wa ambirife unasintha tisakuzindikira. Chigayo chinalowa m'malo mwa mtondo, mpopi unafika pakhomo, ndipo mtunda umene amayi athu ankayenda wapansi ife timakwera minibasi kapena kabaza. Ena timakhala pa benchi ya kumsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ena pa makina osokera, ena pa desiki ya muofesi. Madzulo timakhala titatopa ndithu, koma kutopa ndi kulimba kwa thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu angathe kutopa ndi kukhala malo amodzi, ndi phokoso la makasitomala, ndi nkhawa ya ngongole ya ku banki mkhonde, pomwe mtima wake sunagwireko ntchito yoti uulimbitse. N'chifukwa chake mayi amene amati "ndimagwira kale ntchito yambiri" amapezeka akupuma movutikira akangokwera kamtunda kopita kutchalitchi.

Zotsatira zake tikuziona. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la WHO unachita kafukufuku m'dziko muno pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, ndipo unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene timangoti BP. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Vutoli silipweteka poyamba, limangoononga mitsempha, mtima ndi impso mwakachetechete mpaka tsiku limene munthu wagwa ndi sitiroko. Matenda a shuga nawo akubwera m'njira yomweyo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zinthu zogwedeza thupi monga kuyenda mwandawala kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena zolimbirapo monga kuthamanga kwa mphindi 75. Minofu ikamagwira ntchito imadya shuga wa m'magazi, ndipo BP imatsikako. Sitikunena kuti kuthamanga kumalowa m'malo mwa mankhwala. Amene anapatsidwa mapiritsi ku chipatala apitirize kumwa. Chodabwitsa n'chakuti kuthamanga kwa magazi timakuopa tonse, koma kuthamanga kwa miyendo n'kumene anthu amaseka.

Tsono tibwerere ku funso lija la kuba nthawi ya banja. Ambirife tinagonapo m'makhonde a chipatala ngati magadiyani, ndipo tikudziwa amene amasenza mtolo mayi akafa ziwalo. Kawirikawiri ndi mwana wamkazi amene amasiya sukulu kapena geni kuti azimutembenuza, kumusambitsa ndi kumudyetsa, nthawi zina kwa zaka. Ndalama zimene zinali za fizi zimapita ku thiransipoti ya kuchipatala. Thupi la mayi silikhudza iye yekha, chifukwa likagwa anthu ambiri amagwa nalo. Tikayika mphindi 30 katatu pa sabata mbali imodzi, ndi zaka zodwazika mbali inayo, n'kovuta kunena kuti wothamanga uja ndiye wabera banja. Inde si aliyense wodwala amene anadwala chifukwa chosayenda, poti matendawa amayendanso m'magazi a kumtundu, ndipo si aliyense wothamanga amene adzapulumuke. Komabe mayi amene akuchitapo kanthu pa mbali imene ili m'manja mwake sitingamutche wosasamala.

Apa n'pamene ambiri amalekera, koma ife tikuona kuti yankho limeneli palokha n'loperewera. Tikati mayi aloledwe kuthamanga kuti akhalitse n'kumatitumikira, tamuyesa ngati chigayo chimene amachithira girisi kuti chisaime. Nanga amene ana ake anakula n'kuchoka, kapena wamasiye amene alibe wom'phikira, iyeyo alibe chifukwa chodzisamalira? Abambo akakhala pa bawo masana onse, kapena akapita kukaonera mpira Loweruka, palibe amene amawafunsa phindu limene banja lapezapo. Timangodziwa kuti munthu amafunika kupumitsako mutu. Amayi amene amathamanga amanena kuti chimene chimawadzutsa m'mawa wozizira si mantha a sitiroko kwenikweni. Amanena za bata la nthawi imeneyo, pamene palibe woitana kuti "Amama", za tulo tabwino usiku, ndi za chimwemwe choona kuti mtunda umene unkawakanika mwezi watha lero aumaliza. Zimenezi ndi zabwino mwa izo zokha, ndipo mayi sayenera kuyamba wasonyeza risiti ya phindu lake asanaloledwe kuzilawa.

Nanga bwanji osadikira kuti kufunde? Chifukwa thupi silisunga mphamvu ngati m'mene nkhokwe imasungira chimanga. Munthu akamathamanga kawirikawiri, mtima umayamba kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kotero sufunikanso kugunda mofulumira akakhala pansi. M'minofu mumamera timitsempha tina tating'ono tobweretsa mpweya. Koma akasiya, pakangopita masabata ochepa zimenezi zimayamba kubwerera m'mbuyo. Miyezi itatu ya kuzizira ndi yokwanira kufafaniza zambiri zimene munthu anapeza. Ndiponso ndi miyezi imene tiyi wa masupuni atatu a shuga amamwedwa kangapo pa tsiku, pambali pali mandasi kapena mbatata. Sitikudana ndi tiyi, tikungonena zimene zimachitika.

Kunena zoona, kwa ife kuno nyengo yozizira ndiyo yabwino kuyambiramo. Kulibe matope a dzinja, kulibe kutentha kwa Okutobala kumene kumafooketsa munthu asanafike patali, ndipo zokolola zimakhala zitalowa m'nyumba. Abale athu amene ali ku Britain angatiuze za kuzizira kwenikweni: ku London mwezi wa Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, ndipo m'mawa wina msewu umaterera ndi madzi oundana. Komabe ndi mu mzinda womwewo m'mene mu Okutobala 2004 anthu 13 anakumana ku Bushy Park kuti athamange makilomita 5 Loweruka m'mawa, motsogozedwa ndi Paul Sinton-Hewitt. Chinthu chimenechi, chimene tsopano chimatchedwa parkrun, chinafalikira m'mayiko ambiri, ndipo chinafika ku Johannesburg mu 2011. Sichilipiritsa, chimachitika chaka chonse ngakhale m'miyezi yozizira, ndipo oyenda pansi amalandiridwa mofanana ndi othamanga. Ngati iwowo amatuluka m'chisanu chotero, kuzizira kwa ku Zomba sikungakhale chifukwa chokwanira.

Kayambidwe kake kamafuna kuleza mtima, paja kuthamanga sikufika. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mawondo, akakolo ndi mafupa, n'chifukwa chake amene amayamba ndi liwiro amasiya sabata yachitatu atavulala. Pali ndondomeko yodziwika bwino imene Josh Clark anakonza mu 1996 pofuna kuthandiza amayi ake a zaka za m'ma 50 kuti ayambe kuthamanga, ndipo a zaumoyo ku Britain amaigwiritsa ntchito. Imatenga masabata 9, katatu pa sabata, ndi tsiku lopuma pakati. Sabata yoyamba munthu amayamba wayenda mphindi 5 kuti thupi lifunde, kenako amathamanga mphindi imodzi n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, mobwerezabwereza kwa mphindi 20. Sabata iliyonse nthawi yothamanga imawonjezeka pang'ono, mpaka pamapeto munthu amatha mphindi 30 osaima. Woyamba kumayambiriro kwa Juni amamaliza Ogasiti akungoyamba. Liwiro loyenera ndi limene munthu angathe kulankhula ndi mnzake akuthamanga. Akalephera kutulutsa mawu ndiye kuti wapitirira. Amene ali ndi BP yokwera kwambiri, vuto la mtima, mphumu, kapena ali oyembekezera, ayambe afunsa ku chipatala, ndipo aliyense akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire aime pomwepo. Mpweya wozizira umautsa mphumu mwa ena, koma chimfine chimadza ndi tizilombo topatsirana, osati ndi kutuluka panja m'mawa. Juzi yopepuka yoti n'kuivula thupi likafunda ndi nsapato zofewa pansi za pa kaunjika ndi zokwanira.

Chovuta kuposa kuzizira ndi maso a anthu. Ambiri mwa ife tinakula pansi pa lamulo la mu 1973 limene linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Lamuloli linachotsedwa mu 1993, koma maganizo sachoka tsiku limene lamulo lachoka. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa cha zovala zawo, mpaka amayi anasonkhana kudzudzula mchitidwewo. Choncho mayi amene akuopa kutuluka atavala thalauza yothamangira sakuopa chabe. Kudzilemekeza pa kavalidwe ndi chinthu chimene timachisunga, ndipo sichitsutsana ndi kuthamanga. Thalauza yotakasuka ndi malaya aatali, kapena chitenje chomangidwa mokwezako pamwamba pa thalauza, zimamulola munthu kuponya mwendo popanda wina wodandaula. Amene adzadandaulebe pamenepo ndiye kuti vuto lake si nsalu.

Tisaganize kuti ndi kwathu kokha kumene amayi ankaletsedwa. Mu 1967 ku Boston, m'dziko la America, mkulu wina woyendetsa mpikisano wa makilomita 42 anathamangira Kathrine Switzer kuti amuthothole nambala pa chovala chake chifukwa anali mkazi, koma iye anapitirira mpaka kumaliza. Ku South Africa mpikisano wa Comrades, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, umene nthawi zambiri umachitika mwezi wa Juni, unayamba mu 1921, koma amayi ndi anthu akuda analoledwa kulembetsa mu 1975. Pa masewera a Olympic amayi anayamba kuthamanga mtunda wa makilomita 42 mu 1984. Zifukwa zimene zinkaperekedwa zinali zomwe timamva kuno, zakuti thupi la mkazi silingapirire ndiponso kuti n'zosayenera. Ife tili ndi Catherine Chikwakwa, amene mu 2004 anapata mendulo ya siliva pa mamita 5000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Italy. Ku Mulanje nako, mpikisano wokwera phiri kuchokera ku Likhubula, umene unayamba ngati wa onyamula katundu wa alendo, wakhala ukuchitika mwezi wa Julayi kukuzizira, ndipo amayi amathamanga nawo.

Mawu amene amabweza amayi ambiri m'nyumba sachokera kwa mavenda, amachokera pakamwa pa amayi anzawo. "Akufuna aoneke mtsikana." "Kaya akudzikonzera yani." Ndipo thupi likayamba kutsikako kumabwera funso lija lonong'ona lakuti, "Koma ali bwinobwino?" Zaka zimene Edzi inatenga abale athu ambiri zinatisiyira mantha a kuonda, ndipo kunenepa kunakhala chizindikiro chakuti munthu ali moyo ndiponso akusungidwa bwino pabanja. Manthawo ali ndi pochokera, koma mawu otere akalankhulidwa pa mjigo kapena potuluka m'tchalitchi angathe kumubwezera pampando munthu amene dokotala anamuuza kuti azigwedeza thupi. Wolankhulayo amaiwala mawu ake tsiku lomwelo, pomwe mnzakeyo wasiya mpaka kalekale.

Othamanga nawonso ali ndi mayesero awo, ndipo sitiwabisa. Loyamba ndi kunyada. N'kosavuta munthu amene watsika makilogalamu angapo kuyamba kuyang'ana mbale ya mnzake pa phwando ndi kumulalikira asanafunsidwe, osadziwa kuti mnzakeyo ali pa mankhwala onenepetsa kapena ali ndi bondo lowonongeka. Lachiwiri ndi lalikulu, ndipo likutibwezera kwa otsutsa aja amene anati wina ayenera kugwira ntchito zotsala. Wina ameneyu ndani? M'makomo ambiri a m'tauni ndi mtsikana wantchito amene amagona mochedwa kuposa onse, kapena mwana wamkazi woyamba, kapena mwana wa m'bale amene tinamutenga kumudzi kuti adzaphunzire. Ngati mayi akupeza thanzi lake pamene kamtsikana ka zaka 13 kakudzuka 4 koloko m'chisanu kukoleza moto wa nyumba yonse n'kukafika kusukulu kakusinza, ndiye kuti nthawi yabedwadi, ndipo wobedwayo ndi amene alibe pokadandaula. Apa otsutsa aja akunena zoona.

Choncho chofunika kukambirana m'nyumba ndi kagawidwe ka ntchito za m'mawa. Madzi angathe kutungidwa madzulo, yunifolomu kusitidwa usiku, makala kuikidwa pa mbaula anthu asanagone. Mnyamata wa zaka 15 angathe kuphika phala, ndipo bambo a m'nyumba sangachepe ulemu chifukwa chodzitenthetsera madzi katatu pa sabata. Tikudziwa kuti m'makomo ena nkhani imeneyi si yoyamba mwachisawawa, ndipo pali abambo amene amaona kutuluka kwa mkazi mbandakucha ngati chinthu chokayikitsa. Kumeneko kumathandiza kuti bambo adziwe amayi amene mkazi wawo akupita nawo, njira imene adutse ndi nthawi yobwerera, kapena kuti naye atengedwe tsiku lina akaone yekha, poti BP sisankha akazi okha. Kwa ena m'mawa n'kosatheka ndithu, ndipo nthawi yawo ingakhale madzulo dzuwa lisanalowe, kapena Loweruka pa bwalo la sukulu.

Mdima wa m'nyengo ino si woti mayi aziyendamo yekha, ndipo m'mbali mwa misewu yathu yambiri mulibe malo a oyenda pansi. Ndi bwino kukhala anayi kapena asanu oyandikana nyumba, kuvala zowala, kutenga tochi, ndi kuyenda mbali imene munthu akuona galimoto zikubwera kutsogolo kwake. Gulu limathandizanso tsiku limene bulangeti lakoma, chifukwa n'kovuta kugonabe anzako akugogoda pageti. Ku parkrun kuja amasankha munthu wodzipereka woti aziyenda pambuyo pa onse, kuti pasapezeke wobwera kudzathamanga amene wamaliza yekha kumapeto. Pa gulu lathu sipangasowe mayi wa bondo lovuta kapena wa thupi lolemera amene sangathamange konse. Ameneyo aziyenda mwandawala, ndipo wina aziyenda naye, lero uyu mawa uyo. Othamangawo akafika pa mlatho kapena pa mtengo umene anagwirizana, azibwerera kudzakumana nawo, kuti onse alowe m'makomo nthawi imodzi ana asananyamuke kupita kusukulu.